Magulu Apadera a Asilikali a ku America: Kusiyana kwa Ntchito Zawo mu Nthambi Zinayi

Magulu apadera a asilikali ndi timagulu ting'onoting'ono ta anthu osankhidwa mosamala, amene amaphunzitsidwa ntchito zimene khamu lalikulu la asilikali silingazigwire bwino. Zina mwa ntchitozi ndi kuombola anthu ogwidwa ndi zigawenga, kuzonda adani mobisika, kuphunzitsa asilikali a mayiko ena ndi kupulumutsa ovulala kumalo ovuta kufikako. Ku America magulu otere amapezeka mu nthambi zinayi: asilikali apamtunda, apamadzi, amumlengalenga ndi a Marine Corps. Anthu ambiri amawayesa amodzi chifukwa amawaona m'mafilimu atavala mofanana. Koma gulu lililonse lili ndi ntchito yakeyake, ndipo ntchitoyo ndi imene imalamula kalowedwe, maphunziro ndi moyo wa msilikali.

Chiyambi cha utsogoleri umodzi

Mu April 1980 dziko la America linatumiza asilikali kukaombola nzika zake zimene zinagwidwa pa ofesi ya kazembe ku Tehran, m'dziko la Iran. Ulendowo unalephereka m'chipululu, kumene helikopita inawombana ndi ndege ndipo asilikali 8 anafa. Ofufuza anapeza kuti nthambi zosiyanazo sizinazolowere kugwira ntchito pamodzi. Nyumba ya malamulo ya dzikolo inachitapo kanthu, ndipo mu 1987 panakhazikitsidwa likulu loyang'anira magulu onse apadera lotchedwa USSOCOM, lomwe lili ku Tampa, m'chigawo cha Florida. Ngakhale zili choncho, nthambi iliyonse imasankhabe ndi kuphunzitsa anthu ake.

Asilikali apamtunda: Special Forces ndi Rangers

Gulu la Special Forces linayamba mu 1952 motsogozedwa ndi Aaron Bank, ndipo limadziwika ndi zipewa zobiriwira zimene Pulezidenti John F. Kennedy anavomereza mu 1961. Ntchito yake yaikulu ndi kukhala pakati pa asilikali a dziko lina, kuwaphunzitsa ndi kumenya nkhondo limodzi nawo. Kagulu kamodzi kamakhala ndi anthu 12 otsogozedwa ndi kaputeni. Mwa iwo awiri ndi akatswiri a zida, awiri a zomangamanga ndi mabomba, awiri a zachipatala ndipo awiri a mauthenga. Anawaika awiriawiri chotere kuti kaguluko kathe kugawika pakati koma mbali iliyonse n'kukhalabe ndi luso lonse.

Wofuna kulowa amayamba ndi mayeso a milungu pafupifupi itatu ku North Carolina. Kumeneko amayenda yekha mitunda italiitali m'nkhalango, atasenza katundu wolemera, akudalira mapu ndi kampasi. Wopambana amachita maphunziro opitirira chaka, kuphatikizapo chinenero chachilendo. Magulu ake anagawana zigawo za dziko lapansi, ndipo gulu lachitatu lakhala likugwira ntchito kwambiri mu Africa. Ndi asilikali a gululi amene anaphunzitsa asilikali a Malawi ntchito yosungitsa mtendere mu 1997, pa ndondomeko yotchedwa African Crisis Response Initiative.

Gulu la 75th Ranger Regiment, lomwe likulu lake lili ku Georgia, ndi losiyana kwambiri. Ma Ranger amapita ambiri nthawi imodzi, mwaliwiro ndi mwamphamvu, kukalanda bwalo la ndege kapena kukagwira mtsogoleri wa adani usiku. Mayeso olowera kwa asilikali a maudindo otsika amatenga milungu 8, motero ambiri amalowa akadali achinyamata. Gululi lisasokonezedwe ndi Ranger School, sukulu ya utsogoleri ya miyezi iwiri imene asilikali a magulu ena amapitakonso. Womaliza sukuluyo amalandira chizindikiro chovala paphewa, koma sizitanthauza kuti walowa m'gululo.

Asilikali apamadzi: SEAL

Magulu a SEAL anakhazikitsidwa mu January 1962, kuchokera kwa osambira amene ankaphwasula zotchinga m'magombe pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Dzinali likuimira nyanja, mlengalenga ndi mtunda, koma luso lowasiyanitsa ndi ena ndi kufika pamalo kudzera m'madzi mosaoneka. Maphunziro oyamba amachitikira ku Coronado, ku California, kwa milungu 24, ndipo ali ndi zigawo zitatu: kulimbitsa thupi, kusambira pansi pa madzi ndi nkhondo yapamtunda. M'chigawo choyamba muli sabata yotchuka yotchedwa Hell Week, masiku asanu ndi theka m'madzi ozizira ndi mumchenga, pamene ophunzira amagona maola pafupifupi anayi okha pa nthawi yonseyo. Wotopa amaliza belu katatu n'kuchoka, ndipo oyamba maphunzirowa ambiri samaliza. Otsala amapitiriza kwa miyezi ina pafupifupi 6 asanalandire chizindikiro cha gululi.

Asilikali a SEAL ndi amene anaombola Richard Phillips, woyendetsa sitima ya Maersk Alabama, m'manja mwa achifwamba apanyanja kufupi ndi Somalia mu April 2009. Ndi iwonso anapha Osama bin Laden ku Abbottabad, m'dziko la Pakistan, mu May 2011. Nthambi yomweyi ili ndi ntchito ina yosatchuka kwenikweni, ya oyendetsa maboti aliwiro otchedwa SWCC, amene amakatula ndi kukatenga anzawo m'mitsinje ndi m'magombe.

Asilikali amumlengalenga

M'nthambi iyi, imene likulu la magulu ake apadera lili ku Hurlburt Field ku Florida, msilikali amakhala katswiri wa luso limodzi lozama, ndipo kawirikawiri amatumizidwa yekha kapena ndi anzake ochepa kukathandiza kagulu ka nthambi ina. A Pararescue ndi odziwa zachipatala amene amatsika pa parachuti, kusambira kapena kukwera mapiri kuti afike kwa woyendetsa ndege wogwa kapena msilikali wovulala. A Combat Control ndi owongolera ndege: amakonza malo otera ndege kutchire ndi kulozera ndege zankhondo pamene ziyenera kuponya bomba. Maphunziro a ntchito ziwirizi amatenga zaka pafupifupi ziwiri.

Luso lawo limagwiranso ntchito pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Chivomezi chitawononga Haiti mu January 2010, a Combat Control ndi amene anawongolera ndege zobweretsa thandizo pa bwalo la Port-au-Prince. Mu 2018 a Pararescue anali m'gulu la anthu amene anathandiza kutulutsa anyamata 12 ndi mphunzitsi wawo wa mpira m'phanga losefukira madzi ku Thailand.

Marine Raiders

Nthambi ya Marine Corps inalowa mochedwa mu utsogoleri umodziwu. Gulu lake lapadera linakhazikitsidwa mu February 2006 ku Camp Lejeune, North Carolina, ndipo mu 2015 linatenga dzina loti Raiders pokumbukira magulu a dzinali amene anamenya nkhondo kuzilumba za Pacific kuyambira 1942. Ndi gulu laling'ono poyerekeza ndi a nthambi zina, ndipo kagulu kake kamodzi kamakhala ndi anthu 14. Ntchito zake zimafanana mbali ina ndi za Special Forces, monga kuphunzitsa asilikali akunja, ndipo mbali ina ndi za SEAL, monga kuukira mwadzidzidzi.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kalowedwe. M'nthambi zina zitatu munthu wamba angathe kusaina pangano lomulola kukayesedwa m'gulu lapadera akangomaliza maphunziro oyamba a usilikali. Ku Marine Raiders njira yotere kulibe: munthu ayenera kuyamba watumikira zaka zingapo monga msilikali wamba wa nthambiyo.

Zimene magulu onse amafanana

Malipiro oyambira ndi ofanana m'nthambi zonse, chifukwa amatsata udindo ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito. Pamwamba pake pamabwera ndalama zapadera za kudumpha pa parachuti, kusambira pansi pa madzi, kugwira mabomba kapena kudziwa chinenero. Penshoni yonse imabwera munthu akatumikira zaka 20. Wolephera mayeso kawirikawiri sabwerera kwawo, koma amapatsidwa ntchito ina ya usilikali kufikira pangano lake litatha. Kuyambira 2016 akazi amaloledwa kuyesedwa m'magulu onsewa, ndipo mkazi woyamba analowa m'gulu la Special Forces mu 2020.

Ntchitozi zili ndi mtengo wake. Asilikali amasiya mabanja awo miyezi yambiri, ndipo ambiri amapuma ali ndi maondo ndi misana yowonongeka, makutu osamva bwino kapena vuto la m'maganizo. Imfa nayo siili kutali. Pa nkhondo ya mumzinda wa Mogadishu pa 3 ndi 4 October 1993, America inataya asilikali 18, ndipo mu October 2017 asilikali ena anayi anaphedwa pafupi ndi mudzi wa Tongo Tongo ku Niger.

Akapuma, aliyense amatenga luso la nthambi yake. Wa Pararescue amapeza ntchito m'zipatala ndi m'magulu opulumutsa anthu, wa Combat Control m'mabwalo a ndege, wa Special Forces m'ntchito zofuna zinenero ndi uphunzitsi, ndipo wa SEAL m'ntchito zapamadzi ndi zachitetezo.

Chenjezo kwa anthu onse

Malamulo a America amalola nzika za dzikolo ndi anthu okhala ndi chilolezo chokhala kumeneko mpaka kalekale kuti alowe usilikali. Magulu apadera amafuna nzika, chifukwa ntchito zake zimakhudza zinsinsi za boma. Usilikali wa America sulemba anthu ntchito kudzera mwa amkhalapakati, sulipiritsa ndalama zolembetsera, ndipo supezera munthu viza yopitira kumeneko. Choncho munthu aliyense wolonjeza malo m'magulu amenewa pa Facebook kapena pa WhatsApp, n'kumapempha ndalama, ndi wakuba. Musagulitse mbewu, ziweto kapena katundu wa bizinesi pofuna kulipira munthu wotere, ndipo kanenei nkhaniyo kupolisi imene muli nayo pafupi.