Mbiri ya Mafupa Osanduka Miyala a ku Chiweta

Munthu woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Mzuzu kulinga ku Karonga, akatha kukhotakhota m'zitunda zimene mtsinje wa South Rukuru unang'amba pofuna njira ya kunyanja, amatsikira pa Chiweta, m'boma la Rumphi, kunsi kwa phiri la Chombe limene azungu analitcha Mount Waller. Ndipo mwa khamu la anthu odutsa pamenepo usana ndi usiku, ngowerengeka amene adziwa kuti m'matanthwe a m'deralo mwagona zigaza za nyama zimene zinaponda dziko lino zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, zilombo zotchedwa dinosaur zisanaoneke, nyanja yathuyi isanakhaleko n'komwe.

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu wamba, ena aphunzitsi, ena amisiri, ena opuma pa ntchito, amene amathera masiku awo a tchuthi m'migodi yakale ndi m'magombe, akutola miyala yosunga zamoyo zamakedzana. Ndipo zimene amazikonda koposa ndi ziwiri. Choyamba ndi trilobite, kachirombo kam'nyanja ka chigoba cholimba chogawika patatu m'litali mwake, kachibale kakutali ka nkhanu, kamene kanayamba kuoneka zaka pafupifupi 520 miliyoni zapitazo. Chachiwiri ndi crinoid, nyama ya phesi lalitali ndi mikono yanthenganthenga, imene wosaidziwa angaiyese duwa, ndipo mbumba yake ikalipobe m'nyanja zamchere kufikira lero lino. Ku Morocco, m'madera a Alnif ndi Erfoud, mabanja ambiri amadya za kukumba ndi kusema miyala yotereyi. Kummwera kwa Africa imapezeka m'matanthwe a Bokkeveld, m'chigawo cha Cape.

Kwathu kuno wofuna trilobite kapena crinoid angotha nsapato pachabe, pakuti zamoyo ziwirizi zinali za m'madzi amchere, pamene nthaka ya Malawi inakhazikika pa thanthwe lakale koposa, lophikidwa ndi kutentha kwa pansi pa dziko kotero kuti silisunga chizindikiro cha chamoyo chilichonse. Ndipo miyala imene inadzayalidwa pamwamba pake, yomwe akatswiri amaitcha Karoo, inachokera ku matope a mitsinje, madambo ndi nyanja za madzi opanda mchere. Chotero gawo limene tinalandira ife ndi la zamoyo zapamtunda, ndipo gawolo si lochepa ayi.

Chodabwitsa n'chakuti pa chiyambi cha mbiri imeneyi pali maso a anthu amene ntchito yawo yeniyeni inali ina. Mu 1838 Andrew Geddes Bain, mmisiri wolambula misewu ku South Africa, anayamba kutola mafupa osanduka miyala pafupi ndi Fort Beaufort, nawatumiza ku London, kumene katswiri Richard Owen anawafufuza. Ndipo mu 1860 Owen anatcha imodzi mwa nyamazo Oudenodon bainii polemekeza mmisiri uja. Kuno kwathu, Henry Drummond, mlaliki wa ku Scotland amene ankaphunzitsanso za chilengedwe, atafika kumpoto kwa nyanja mu 1883, anapeza zotsalira za nsomba m'miyala ya kufupi ndi Karonga, nasimba za ulendo wakewo m'buku la Tropical Africa la mu 1888. Akulu ananena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa; koma tisaiwale kuti alendo onsewa sakanafika pa chigwa chilichonse popanda eni dziko owatsogolera njira ndi kuwasenzera katundu, ngakhale kuti mabuku a nthawi imeneyo anawamana maina.

Chiweta inatchuka chifukwa cha Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, amene cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1920 anayendera mapiri a kumpoto pofufuza malasha ndi chuma china cham'nthaka. Iye anatola zigaza ndi mafupa pa Chiweta, nazitumiza ku Cape Town kwa katswiri Sidney Haughton, yemwe mu 1926 analengeza kwa ophunzira anzake nyama ziwiri zimene anaziona kuti n'zachilendo, nazitcha Chiwetasaurus dixeyi ndi Dixeya quadrata. Akatswiri apambuyo anasintha mainawa atayerekeza mafupawo ndi a ku South Africa, koma mtundu wake sunakayikitse munthu: zinali zilombo zolusa za gulu la gorgonopsia, za mano aatali akutsogolo ong'ambira nyama. Pambali pa izo panapezekanso Oudenodon yemwe uja, nyama yodya zomera, yopanda mano, ya mlomo wouma ngati wa fulu. Zonsezi zili m'fuko lalikulu la therapsida, limene mwa ilo munadzatuluka nyama zoyamwitsa.

Malasha amene amakumbidwa ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi, kunsi kwa Khondowe kumene Dr Robert Laws anakhazika mishoni ya Livingstonia mu 1894, ndi mboni ya nyengo yakale kuposanso pamenepo, pamene dera lonselo linali madambo odzala ndi mitengo yotchedwa Glossopteris, imene masamba ake anadindika m'miyala ya ku Africa, India, Australia, South America ndi Antarctica, umboni wakuti maiko onsewa anali chimtunda chimodzi. Koma nyengo iliyonse ili ndi chimaliziro chake: zaka 252 miliyoni zapitazo, mapiri a ku Siberia atalavula moto ndi utsi kwa nthawi yaitali, mpweya ndi madzi zinaipa, ndipo mitundu yambiri ya zamoyo inafafanizika, chiwonongeko chimene chinatsiriza trilobite m'nyanja ndi chomwecho chinatsiriza zilombo zolusa za mtundu wa ku Chiweta pamtunda.

Ntchito yofufuza inatsitsimukanso m'zaka za m'ma 1980, pamene Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University ku Dallas anagwirizana ndi nthambi ya boma yoona zinthu zamakedzana. Mbiri yawo inamveka kwambiri chifukwa cha dinosaur wotchedwa Malawisaurus wa ku Mwakasyunguti, m'boma la Karonga, amene analandira dzina limeneli mu 1993. Koma anafikanso pa Chiweta, ndipo mu 2005 anafalitsa zimene anapeza. M'gulu limeneli munali Dr Elizabeth Gomani Chindebvu, mwana wa dziko lino, amene anafotokoza nyama zamakedzana zotchedwa Malawisuchus mu 1997 ndi Karongasaurus mu 2005, ndiponso anali mmodzi mwa akatswiri amene mu 2015 analengeza nyama yatsopano yotchedwa Lende chiweta, ya kachigaza kakang'ono ka maso aakulu ndi timanunda pamutu. Apa mpamene dzina la Mmalawi linaima pakati pa olemba, losatsaliranso kwa osenza katundu.

Tsono kutola fupa ndi chiyambi chabe, ntchito yaikulu ndiyo kulisema. Fupa limene lagona m'thanthwe zaka zonsezo silichedwa kufumbutuka, chotero wolipeza amayamba walemba malo ake enieni ndi mzere wa mwala umene lilimo, nalijambula, nalidontheza ulimbo wamadzimadzi wolilimbitsa. Kenaka amakumba mozungulira, nakuta chibuma chonsecho ndi mapepala ndi zidutswa za masaka zoviikidwa m'pulasitala, kuti chikauma chinyamulidwe osasweka. Chikafika m'nyumba yosemera, mmisiri amachotsa mwalawo kambenembene ndi singano, timaburashi ndi kachipangizo kogogoda ndi mphamvu ya mpweya, diso lili pa galasi lokuza zinthu, ndipo chigaza chimodzi chikhoza kumudyera miyezi yambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopupuluma ndi nyundo angawononge pa mphindi imodzi chimene nthaka inasunga kuyambira kalekale.

Pa chifukwa chimenechi lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kukumba zinthu zoterezi kapena kuzitulutsa m'dziko muno popanda chilolezo cha boma, pakuti ndi cholowa cha mtundu wonse, ndipo fupa lozulidwa mobisa, losadziwika pamene linagona, lataya theka la umboni wake. Komatu lamuloli silitseka maso a munthu. Mvula ya chaka chilichonse imakokolola zitunda za Chiweta ndi kuvundukula zimene zinabisika, ndipo woyamba kuziona sakhala profesa wa kutali, koma mlimi, mbusa wa mbuzi, mkumbi wa malasha, kapena mwana wa sukulu. Inu a ku Chiweta, ku Mchenga ndi ku Chitimba, mukaona mwala wooneka ngati fupa kapena wodindidwa tsamba, musauswe ndiponso musaugulitse kwa odutsa. Uzani mfumu yanu ndi aphunzitsi, kuti uthenga ufike ku nthambi yoona zamakedzana kapena ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Ndipo inu aphunzitsi a m'boma la Rumphi, tengani ana anu mukawaonetse mafupa a Malawisaurus kumeneko, kuti m'badwo ukudzawu udziwe chimene chagona pansi pa minda ya makolo awo.