Zala za munthu wa ku Kobe

Omasulira mabukufe timadziwa kuwawa kwa funso lakuti: kodi iwe, mlendo, ungamvetse bwanji zolemba za eni ake? Funsoli a Masaaki Suzuki a ku Japan akhala akufunsidwa kwa zaka zambiri, ndipo n'chifukwa chake mbiri yawo ndimaikonda.

Iwo anabadwira ku Kobe mu 1954, m'banja la Chikhristu, m'dziko limene Akhristu ake ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse. Ali ndi zaka 12 anayamba kuimba limba m'tchalitchi. Atamaliza maphunziro a nyimbo ku Tokyo anapita ku Amsterdam, kumene anakaphunzira limba kwa Piet Kee ndi harpsichord kwa Ton Koopman. Ulendo wa ku Netherlands umenewu umandikumbutsa za kale. Pamene Johann Sebastian Bach anali moyo, kuyambira 1685 mpaka 1750, Japan anali atatseka makomo ake, Chikhristu chili choletsedwa, ndipo Azungu okhawo ololedwa kuchita malonda kumeneko anali Adatchi, pakachilumba ka Dejima ku Nagasaki. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1873.

Harpsichord imaoneka ngati piyano yowonda, koma m'kati mwake ndi zosiyana. Ukadina kiyi ya piyano, kanyundo kamamenya nsambo, ndipo ukadina mwamphamvu mawu amakwera. Pa harpsichord, kachidutswa kakang'ono, kamene kale kankasemedwa ku nthenga ya mbalame, kamakola nsambo n'kuisiya. Udine mwaukali kapena mwaulesi, kukula kwa mawu sikusintha kwenikweni. Woimba amatsala ndi nthawi yokha: kuchedwetsa noti ina pang'ono, kudula inayo msanga, kusiya kampata koti khutu lipume. Vuto limeneli ndi lina mwa zimene zinachititsa kuti pofika cha m'ma 1800 piyano ilande malo, harpsichord n'kuiwalika.

Apa ndi pamene funso lija limayamba kufooka. Kwa zaka pafupifupi 100, ku Ulaya komweko chidachi chinangokhala chete, ndipo mzere wa aphunzitsi ndi ophunzira unaduka. Wanda Landowska wa ku Poland anachidzutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma pa chida chachikulu, cholemera, chopangidwa ndi kampani ya Pleyel, chimene Bach akanachidabwa. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Gustav Leonhardt ndi anzake anabwerera ku zida zakale zenizeni ndi ku mabuku akale ofotokoza kaimbidwe, kuphunzira zonse mwatsopano ngati chilankhulo chimene agogo anafa nacho. Leonhardt ndiye anaphunzitsa Koopman, Koopman n'kuphunzitsa a Suzuki. Mjeremani, Mdatchi ndi Mjapani onse anafika kwa Bach ngati alendo. Ena anangoyamba kufika.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ntchito ya harpsichord pamene ikuimba pamodzi ndi gulu. Wopeka nyimbo ankalemba manoti a dzanja lamanzere okha, n'kuika timanambala pamwamba kapena pansi pake. Za dzanja lamanja woimba amazipeza yekha, pompopompo, motsogozedwa ndi timanambalato. Akachulutsa amaphimba woimba ndi pakamwa. Akachepetsa nyimbo imazizira. Ine amene ndimatha tsiku lonse ndikulimbana ndi chiganizo chimodzi, ndikuyeza zoti ndiwonjezere ndi zoti ndisiye, ntchito imeneyi ndimaizindikira.

A Suzuki anaphunzitsako harpsichord ku Duisburg m'dziko la Germany kuyambira 1981 mpaka 1983, kenako anabwerera kwawo. Mu 1990 anayambitsa gulu la Bach Collegium Japan. Mu 1995, chaka chimene chivomezi chinagumula Kobe n'kupha anthu oposa 6,000, gululi linayamba kujambula nyimbo zonse za m'tchalitchi za Bach zotchedwa cantata, pafupifupi 200, ndi kampani ya BIS ya ku Sweden. Ankajambulira m'kachisi wa yunivesite ya atsikana ya Shoin ku Kobe komweko. Ntchitoyi inatha mu 2013 ndi ma CD 55. Chaka chimodzi isanathe, mzinda wa Leipzig, kumene Bach anagwira ntchito zaka 27, unawapatsa mendulo ya Bach.

Ena amati chinsinsi chawo ndi chikhulupiriro, popeza iwo ndi membala wa mpingo wa Reformed wa ku Japan ndipo mawu a cantata amawatenga ngati ulaliki weniweni. Mwina n'zoona, koma ine sindikhutira nazo kwenikweni. Okhulupirira alipo ambiri amene amaimba Bach mogwetsa ulesi. Chimene ndimamva m'zojambula zawo ndi chisamaliro cha munthu amene Chijeremani anachita kuphunzira: liwu lililonse limatuluka lathunthu, palibe limene likumezedwa poganiza kuti aliyense akulidziwa kale.

Mu March 2020 gululi linali paulendo ku Ulaya pamene mliri wa Covid-19 unayamba kutseketsa maholo. Makonsati otsala analephereka iwo ali ku Cologne. M'malo mongolongedza katundu, anatsala masiku angapo m'holo ya Philharmonie yopanda omvera, n'kujambula St John Passion, nyimbo ya Bach ya mu 1724 yofotokoza masautso a Yesu monga anawalembera Yohane. Atamaliza anakwera ndege kubwerera ku Japan.