Handball

Handball ndi masewero a timu ziwiri, iliyonse ya osewera 7, momwe osewera amapatsirana mpira ndi manja n'cholinga choti auponye m'golo la timu inzawo. Timu yomwe yamwetsa zigoli zambiri pakutha pa mphindi 60 ndiyo yapambana. Ku Malawi dzina lakuti "mpira wamanja" linakhazikika kale pa netball, ntchemberembaye, choncho nkhani ino ikugwiritsa ntchito dzina lakuti handball kuti masewero awiriwa asasokonezedwe.

Wophunzira wa kwa Chiwalo m'boma la Phalombe, amene wakulira pakati pa bwalo la ntchemberembaye ndi la mpira wamiyendo, sangavutike kumvetsa handball. Chiwerengero cha osewera komanso lamulo losagwira mpira kupitirira masekondi atatu n'zofanana ndi za ntchemberembaye. Golo, goloboyi ndi penati n'zofanana ndi za mpira wamiyendo. Chachilendo n'chakuti wosewera amaloledwa kuyenda ndi mpira m'manja mapazi angapo, ndiponso kutchinga mnzake ndi thupi si mlandu.

Chiyambi chake

Masewero oponyerana mpira ndi manja analipo m'madera ambiri kuyambira kalekale, koma handball ya malamulo olembedwa inabadwira kumpoto kwa Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ku Denmark, mphunzitsi wa masewero olimbitsa thupi dzina lake Holger Nielsen anakonza malamulo mu 1898 pasukulu ya ku Ordrup, ndipo anawasindikiza mu 1906. Nielsen yemweyu amadziwikanso ndi njira yothandizira munthu amene wasiya kupuma, yomwe inatchedwa dzina lake. Pa nthawi yomweyo anthu a dziko lomwe lero ndi Czech Republic anali ndi masewero awo ofananako otchedwa házená.

Ku Germany, Max Heiser anatulutsa malamulo ake ku Berlin pa 29 Okutobala 1917, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili mkati. Iye anawakonzera amayi ndi atsikana, ndipo kugundana kunali koletsedwa. Mu 1919 Carl Schelenz anawasintha kuti amuna nawonso azisewera: analola kulimbirana mpira, ndipo anatengera masewerowa pa bwalo la mpira wamiyendo, timu iliyonse ya osewera 11. Handball yapabwalo lalikuluyi ndiyo inayamba kufala. Germany ndi Austria zinakumana mu 1925 pa masewero oyamba a amuna apakati pa mayiko, ndipo pa Olympics ya ku Berlin mu 1936 Germany inatenga mendulo yagolide.

Mayiko a Denmark, Sweden ndi Norway ali ndi nyengo yachisanu yaitali, yomwe sinkalola kusewera panja miyezi yambiri, ndiye kumeneko anakonda kusewerera m'nyumba zamasewero ndi osewera 7. Bwalo litachepa, masewero anathamanga ndipo zigoli zinachuluka, zomwe owonera anazikonda. Mitundu iwiriyi inayendera limodzi kwa zaka zambiri. Bungwe la International Handball Federation, IHF mwachidule, linakhazikitsidwa ku Copenhagen mu 1946, ndipo likulu lake lili ku Basel m'dziko la Switzerland. Mpikisano womaliza wa dziko lonse wa osewera 11 unachitika mu 1966. Handball ya osewera 7 inalowa mu Olympics ku Munich mu 1972 kwa amuna, ndi ku Montreal mu 1976 kwa amayi.

Bwalo ndi mpira

Bwalo ndi lamamita 40 mulitali ndi mamita 20 mulifupi. Golo ndi lamamita 3 mulifupi ndi mamita 2 kupita m'mwamba. Kutsogolo kwa golo lililonse kuli mzere wokhota womwe uli mamita 6 kuchokera pagolo, ndipo m'kati mwa mzerewu muli malo a goloboyi yekha. Kunja kwake, pa mamita 9, kuli mzere woduladula woponyerapo mpira pakachitika mlandu wamba pafupi ndi golo. Penati imaponyedwa pa mamita 7.

Mpira wa amuna akuluakulu ndi wamasentimita 58 mpaka 60 kuuzungulira, ndipo umalemera magalamu 425 mpaka 475. Wa amayi ndi wamasentimita 54 mpaka 56, wolemera magalamu 325 mpaka 375. Ndi waung'ono ndithu moti munthu amaugwira ndi dzanja limodzi, ndipo m'mipikisano yambiri osewera amapaka m'zala mankhwala onanda ngati ulimbo kuti usapulumuke.

Kaseweredwe

Masewero a akuluakulu ali ndi zigawo ziwiri za mphindi 30, ndi kupumula kwa mphindi 10 pakati. Wosewera akagwira mpira amaloledwa kuponda mapazi atatu okha, ndipo sangakhale nawo chiimire kupitirira masekondi atatu. Akafuna kupitirira nawo, amaunjanjitsa pansi ndi dzanja limodzi uku akuthamanga. Akaugwiranso amapondanso mapazi atatu, koma tsopano ayenera kupatsira kapena kuponya. Kuyambanso kunjanjitsa ndi mlandu. Mpira usakhudze mwendo kuyambira m'munsi mwa bondo, kupatula kwa goloboyi akamatchinga m'malo ake.

Lamulo la mamita 6 ndilo limapatsa handball maonekedwe ake. Woponya saloledwa kuponda mzerewo kapena m'kati mwake ali ndi mpira, koma amaloledwa kudumphira m'malomo kuchokera kunja, bola mpira uchoke m'dzanja asanatere. N'chifukwa chake zigoli zambiri zimamwetsedwa wosewera ali m'malere, ena akugwa chammimba pafupi ndi goloboyi. Otchinga nawo amandanda m'mphepete mwa mzerewo ngati mpanda, ndipo timu yomwe ili ndi mpira imauyendetsa uku ndi uko kufunafuna mpata. Kawirikawiri wosewera mmodzi wathupi lamphamvu amaikidwa pakati pa otchingawo, atafulatira golo, kuti aziwatsekereza ndi kutsegulira anzake njira.

Kutchinga ndi chifuwa munthu amene akubwera kutsogolo kwako n'kololedwa. Kukoka, kukankha, kumenya dzanja loponyera kapena kugwira munthu kumbuyo ndi milandu. Mlandu ukalepheretsa chigoli choonekeratu, woyimbira amapereka penati ya mamita 7.

Palinso lamulo loletsa kudya nthawi. Oyimbira, amene amakhala awiri, akaona kuti timu ikungopatsirana popanda kufuna kuponya pagolo, amakweza dzanja. Kuchokera mu 2022, dzanja likakwera timuyo imatsala ndi mwayi wopatsirana kanayi kokha, ndipo ikapanda kuponya mpira umapita kwa anzawo. Kusintha osewera kulibe malire ndipo sikudikira likhweru: wina akatuluka pamalo osinthira, mnzake amalowa. Timu ingathenso kutulutsa goloboyi n'kulowetsa woponya wachisanu ndi chiwiri. Njira imeneyi imawonjezera mphamvu kutsogolo, koma mpira ukalandidwa, anzawo amangouponya m'golo lopanda munthu kuchokera kutali.

Zilango

Kadi yachikasu ndi chenjezo. Mlandu wokulirapo umatulutsa wosewera kwa mphindi ziwiri, ndipo timu yake imasewera yoperewera nthawi imeneyo. Wotulutsidwa kachitatu amalandira kadi yofiira ndipo sabwereranso, ngakhale kuti pakatha mphindi ziwiri timu imalowetsa wina m'malo mwake. Apa handball ndi yosiyana ndi mpira wamiyendo, komwe kadi yofiira imasiya timu yoperewera mpaka kumapeto. Mu 2016 anawonjezera kadi yabuluu, yomwe imatsatira yofiira posonyeza kuti mlanduwo ulembedwa ndi kukambidwanso masewero atatha.

Handball mu Africa

Bungwe loyang'anira masewerowa mu Africa, Confédération Africaine de Handball, lili ndi likulu lake ku Abidjan m'dziko la Côte d'Ivoire. Kumbali ya amuna, mayiko amphamvu ndi a kumpoto: Egypt, Tunisia ndi Algeria. Egypt inachititsa mpikisano wa dziko lonse mu 1999 ndi mu 2021, Tunisia mu 2005, ndipo pa Olympics ya ku Tokyo timu ya Egypt inathera pa nambala 4. Mtsogoleri wa IHF kuyambira mu 2000 ndi Hassan Moustafa wa ku Egypt komweko.

Kumbali ya amayi, dziko lomwe lili ndi mbiri yoposa onse ndi Angola. Timu yawo inatenga chikho cha Africa koyamba mu 1989 ndipo yachitenga kambiri kuposa dziko lina lililonse. Mu 2007 inathera pa nambala 7 pa mpikisano wa dziko lonse. Makalabu a Petro de Luanda ndi Primeiro de Agosto ndiwo akhala akusula osewera ambiri a timuyi.

Ngakhale mipikisano ikuluikulu imachitikira m'nyumba zamasewero, handball imaseweredwanso panja pa bwalo lathyathyathya losalala. Bwalo lake ndi lalikulupo kuposa la ntchemberembaye, lomwe ndi lamamita 30.5 ndi 15.25, koma pa bwalo limodzi la mpira wamiyendo pangakwane mabwalo angapo a handball. Malamulo amachepetsa nthawi kwa ana: azaka 12 mpaka 16 amasewera zigawo ziwiri za mphindi 25, ndipo azaka 8 mpaka 12 zigawo ziwiri za mphindi 20. Palinso handball yapamchenga, ya osewera anayi mbali iliyonse, pa bwalo lamamita 27 ndi 12.