Ngodya siisowa

"Atsibweni, ndithandizeni kupeza ngodya yosowa." Anatero mwana wa mlongo wanga ku Mphunzi, atatambasula kope pakhonde, mphepo ya Juni ikutsika kuphiri. Ndinayang'ana thirayango wakeyo. Ngodya zonse zitatu zinali pomwepo, palibe imene inathawa.

Mawu akuti kusowa ali ndi ntchito zake. Mbuzi imasowa ikapanda kulowa m'khola. Munthu wosowa ndi wopanda kanthu. Mnzako mukatha miyezi osaonana umamuuza kuti "mwasowatu." Ndiye ukati ngodya yosowa, khutu la Mchewa limamva ngodya yotayika, kapena yaumphawi. Ndi Chingerezi chovala nsalu yathu chimenecho. Chimene mwana sakuchidziwa ndi kukula kwa ngodyayo, basi. Tinene kuti ngodya yosadziwika kukula kwake.

Ndinamutengera kuseri kumene mmisiri ankakhoma denga. Mapaso awiri akumana pamwamba, mtanda wagona pansi pake. Ndinamuuza kuti ngodya zitatu za thirayango aliyense zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Tiyerekeze kuti phaso lililonse lanyamuka pa mtanda ndi madigiri 30. Phatikiza, 60. Chotsera pa 180, kwatsala 120, ndiyo ya pamwambayo. Anaseka. Sanafunefune paliponse, anangowerengera.

Mmisiriyo, ndisaiwale, ngodya ya madigiri 90 amaitcha sikweya, potengera chitsulo choyezera chimene amachipachika pa lamba. Sindikangana naye. Liwulo linakhazikika kale ngati sopo ndi buledi. Chimene chimandipweteka ndi "kona" wolowa paliponse, pomwe ngodya ilipo. Kona musiyireni woyendetsa minibasi ndi womenya mpira. Ngodya ndi liwu lolemera: ndi ya nyumba, ndi ya munda, ndipo amene tinakula nthawi ya Kamuzu tinaloweza ngodya zinayi za ulamuliro wake tisanaone n'komwe pulotirakita.

M'mapanga a phiri la Mphunzi muli mizere ndi zozungulira zofiira zimene anajambula Akafula, gawo la malo a Chongoni amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Anthu a kuno akhala akuona maonekedwe a zinthu kuyambira kalekale, ndipo chinenero chawo sichiperewera pa masamu.

Aphunzitsi, mukamamasulira funso m'kalasi, musatumize ana kukasaka ngodya. Auzeni kuti awerengere kukula kwake.