Mbiri ya Liwu Loti Jini

Liwu loti jini lili ndi mbiri yoyenera kuilingalira tisanalikane kapena kulilandira m'Chichewa. Pamene Gregor Mendel adafalitsa zotsatira za kafukufuku wake wa nsawawa mu 1866, kanthu kosamutsa maonekedwe a kholo kupita kwa mwana kadalibe dzina lokhazikika. Dzinali lidadza mu 1909 kuchokera kwa Wilhelm Johannsen wa ku Denmark, yemwe adafupikitsa liwu lakale loti pangene. Iye adafuna liwu losasenza ganizo lililonse la momwe kanthuko kalili, pakuti panthawiyo padalibe wodziwa. Mu 1944 Oswald Avery ndi anzake adaonetsa kuti uthenga wochokera kwa makolo umasungidwa mu DNA, ndipo mu 1953 kapangidwe ka DNA kadadziwika. Tanthauzo lidakula, koma liwu silidasinthe.

Phunziro lake kwa ife nali. Liwu lathu loti chibadwa limaphatikiza mtima, khalidwe ndi maonekedwe a munthu. Mu 2023 dziko la Britain lidavomereza chithandizo cha matenda a sikoselo, omwe amasautsanso ana kwathu kuno, chosintha jini m'maselo a wodwala mwa njira ya CRISPR. Mlembi akanena kuti madotolo akusintha chibadwa, kholo la mwana wodwala lidzaganiza kuti mwanayo asanduka munthu wina. Motero nkoyenera kusunga liwu loti chibadwa potchula zonse zotengera kwa makolo, ndi kulandira jini, pochulukitsa majini, potchula kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo akeake.