Malamulo a Khalidwe la Anamwino

Malamulo a khalidwe la anamwino ndi mfundo zolembedwa zimene zimauza namwino, mzamba ndi aliyense wosamalira anthu osatha kudzisamalira okha momwe ayenera kukhalira ndi munthu amene ali m'manja mwake. Sanena za kabayidwe ka jakisoni kapena mlingo wa mankhwala. Zimenezo zili m'mabuku ena. Amanena za chinsinsi cha wodwala, za kupempha chilolezo chake asanamuchite kanthu, za kusasankha anthu potengera mtundu, chipembedzo kapena umphawi, ndiponso za nthawi imene namwino ayenera kukana zimene walamulidwa ndi womuposa udindo. Odziwika kwambiri ndi a bungwe la International Council of Nurses, lomwe linakhazikitsidwa mu 1899 ndipo likulu lake lili ku Geneva. Mayiko ambiri ali ndi awoawo, olembedwa motsanzira amenewa.

Mbiri

Anthu ambiri amayesa kuti lumbiro limene anamwino amanena pa tsiku lomaliza maphunziro, nyali ili m'manja, analemba ndi Florence Nightingale. Si choncho. Linalembedwa mu 1893 mumzinda wa Detroit ku America, ndi kagulu kotsogoleredwa ndi Lystra Gretter, mkulu wa sukulu ya anamwino ya Farrand pa chipatala cha Harper. Dzina la Nightingale anangoliikapo pomulemekeza, mwiniwakeyo akadali moyo ku London. Olembawo anatengera lumbiro lakale la madokotala, lija la Hippocrates. Namwino ankalonjeza kukhala moyo woyera, kusapatsa munthu mankhwala amene akudziwa kuti ndi owononga, kusunga zinsinsi za odwala ndi mabanja awo, komanso kuthandiza dokotala mokhulupirika. Lonjezo lomalizali ndilo linadzabala mavuto. Namwino wabwino wa masiku amenewo anali womvera, ndipo lumbirolo silinanene choti achite dokotala akalamula choipa.

Funsolo linabuka ku Germany. Kuyambira mu 1939 boma la Nazi linayamba kupha anthu aulumali ndi odwala matenda a maganizo amene ankasungidwa m'zipatala, pa ndondomeko imene imadziwika kuti Aktion T4. Pofika mu Ogasiti 1941 anthu oposa 70,000 anali ataphedwa ndi mpweya wapoizoni. Boma litalengeza kuti laimitsa, kupha kunapitirira mwakachetechete, tsopano ndi mankhwala ndi njala, ndipo manja ambiri amene ankapereka mapiritsi ndi kubaya majakisoniwo anali a anamwino. Mu Okutobala 1945 khoti la asilikali a America ku Wiesbaden linaweruza ogwira ntchito pa chipatala cha Hadamar pa mlandu wopha anthu ochokera ku Poland ndi ku Soviet Union. Anamwino aamuna awiri, Heinrich Ruoff ndi Karl Willig, anaweruzidwa kuti anyongedwe, ndipo mkulu wa anamwino, Irmgard Huber, anagamulidwa zaka 25. Koma mu 1965 khoti la ku Munich linamasula anamwino 14 a pa chipatala cha Meseritz-Obrawalde. Chodzitetezera chawo chinali chakuti ankangomvera madokotala monga anaphunzitsidwira.

M'zaka zoyamba nkhondo itatha munatuluka zikalata ziwiri zimene malamulo a anamwino amatsamirapo mpaka lero. Choyamba ndi mfundo za ku Nuremberg za 1947, zimene zimayamba ndi kunena kuti munthu asachitidwe kafukufuku popanda kuvomera mwa kufuna kwake. Chachiwiri ndi chikalata cha United Nations cha ufulu wachibadwidwe cha pa 10 Disembala 1948. International Council of Nurses inavomereza malamulo ake oyamba mu 1953 pa msonkhano wa ku São Paulo ku Brazil. Malamulowo anali ndi mitima iwiri: ankati namwino achite zimene dokotala walamula mwanzeru ndi mokhulupirika, komanso akane kutenga nawo mbali pa zosayenera. Zinatenga zaka 20 kuti asankhe mbali. Pa msonkhano wa ku Mexico City mu 1973 mawu a kumvera dokotala anachotsedwa, ndipo kunalembedwa kuti udindo woyamba wa namwino uli kwa anthu amene akufunika chisamaliro. Kusintha kwakukulu m'mbiri yonseyi ndi kumeneku.

Chaka chimodzi izi zisanachitike, America anali atagwedezeka ndi nkhani ya Tuskegee. Kuyambira mu 1932 nthambi ya zaumoyo ya boma la America inkatsatira amuna akuda 600 a m'dera la Macon County ku Alabama, 399 a iwo odwala chindoko ndi 201 osadwala, pofuna kuona momwe matendawa amawonongera thupi akapanda kuchizidwa. Amunawo anangouzidwa kuti ali ndi magazi oipa. Penicillin atadziwika kuti amachiza chindoko m'zaka za m'ma 1940, iwo sanapatsidwe. Madokotala ankabwera n'kumapita, koma munthu mmodzi anakhalapo pafupifupi zaka zonse 40: namwino Eunice Rivers, yemwenso anali wakuda. Iye ndiye ankawatenga pa galimoto kupita nawo kukapimidwa, ankadziwa mayina a akazi awo ndi ana awo, ndipo wina akamwalira ankapempha banja kuti lilole mtembo upimidwe. Amunawo ankamukhulupirira, ndipo kafukufukuyo sakanafika patali popanda chikhulupiriro chimenecho. Olemba mbiri amatsutsana ngati iye anali wolakwa kapena wogwiritsidwa ntchito ndi anthu amene sakanatha kuwatsutsa. Nkhani yake imaphunzitsidwabe m'sukulu za anamwino chifukwa palibe amene ananenapo kuti anali wankhanza. Zonse zinachitika iye akuchita mwaulemu ndi mwachifundo. Kafukufukuyo anatha mu 1972 mtolankhani Jean Heller ataulula, ndipo pulezidenti Bill Clinton anapepesa m'dzina la boma pa 16 Meyi 1997.

Malamulo a International Council of Nurses akonzedwanso kangapo, komaliza mu 2021.

Zimene amanena

Malamulo a 2021 amatchula ntchito zinayi za namwino: kulimbikitsa umoyo wabwino, kupewa matenda, kubwezeretsa thanzi, ndi kuchepetsa ululu pamodzi ndi kuthandiza munthu kufa mwaulemu. M'makalasi ophunzira amaloweza mfundo zina zinayi zimene Tom Beauchamp ndi James Childress anazifotokoza mu 1979, zakuti wodwala ali ndi ufulu wodzisankhira, kuti achitiridwe zabwino, kuti asavulazidwe, ndi kuti pakhale chilungamo pogawa chithandizo. Bungwe la ku Geneva lilibe mphamvu yolanga aliyense. Kulanga kuli m'manja mwa khonsolo ya anamwino ya dziko lililonse, imene imasunga kaundula, kumva madandaulo, ndipo ikhoza kuchenjeza, kuimitsa kapena kufufuta dzina la wolakwa. Kuti malamulo olembedwa paokha amasintha zingati m'wodi n'kovuta kuyeza, ngakhale zikuoneka kuti amapatsa wodandaula ndi namwino wofuna kukana choipa poimira.

Osamalira okalamba, aulumali ndi odwala maganizo

Kunja kwa chipatala, m'nyumba zosungira okalamba ndi odwala maganizo, nkhani imakhala yovutirapo, chifukwa wosamalidwayo nthawi zambiri sangadandaule ndipo wosamalirayo sakhala m'kaundula wa khonsolo iliyonse. Chitsanzo chapafupi ndi cha Life Esidimeni ku South Africa. Mu Okutobala 2015 boma la chigawo cha Gauteng linalengeza kuti likuthetsa mgwirizano ndi kampani imene inkasamalira odwala maganizo, pofuna kuchepetsa ndalama zimene linkawononga. Odwala oposa 1,500 anasamutsidwa mwaphuma, ambiri kupita ku timabungwe topanda ziphaso zoyenera, topanda chakudya chokwanira ngakhale anthu odziwa ntchito. Mabanja ena sanauzidwe kumene wodwala wawo wapita. Lipoti la wofufuza nkhaniyi, Malegapuru Makgoba, la mu Febuluwale 2017 linawerenga imfa 94. Pamene woweruza wopuma Dikgang Moseneke ankapereka chigamulo chake mu Malichi 2018 chiwerengero chinali chitafika pa 144, ndipo analamula kuti banja lililonse lodandaula lipatsidwe R1.2 miliyoni. Ambiri anafa ndi njala, ludzu, kuzizira ndi chibayo.

Ku Malawi

Kaundula wa anamwino ndi azamba amasungidwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, imene inayamba mu 1966 ndipo imagwira ntchito pansi pa lamulo la 1995. Pamwamba pa zonse pali malamulo oyendetsera dziko a 1994: gawo 19 limateteza ulemu wa munthu ndi kuletsa kumuchita kafukufuku wa zachipatala popanda chilolezo chake, pamene gawo 21 limateteza chinsinsi.

Komabe aliyense amene anagonapo m'chipatala cha boma amadziwa kuti m'wodi muli munthu wina amene malamulo olembedwa ku Geneva samutchula: wodikirira wodwala, yemwe aliyense amangoti gadiyani. Kawirikawiri ndi mayi, mchemwali, azakhali kapena apongozi. Amafika ndi beseni, mpoto, nkhuni ndi kathumba ka ufa, amaphika phala kumalo a odikirira, amasambitsa wodwala, kumutembenuza, kutaya mkodzo, kuchapa zitenje, ndipo usiku amayala pansi pafupi ndi bedi ngati sanathamangitsidwe. Diripi ikatha ndi iye amene amathamanga kukagogoda kwa anesi. Ntchito zambiri zimene mabuku amati ndi za namwino kuno amagwira ndi iye, popanda malipiro, popanda maphunziro, ndiponso popanda lumbiro lililonse losunga chinsinsi.

Apa ndiye pamene mfundo zimayesedwa. Buku limati matenda a munthu auzidwe mwiniwake yekha. Koma mabedi ndi othithikana, ena agona pansi, makatani kulibe, ndipo dokotala akamazungulira m'mawa wodi yonse imamva. Gadiyani amene wasiya munda wake kudzachapa zovala za wodwala amafunsa kuti, "Anesi, kodi apeza chiyani?" Kumuyankha kuti zimenezo n'zachinsinsi kumamveka ngati chipongwe, ndipo kumuuza kukhoza kupasula banja ngati matendawo ali okhudza HIV ndipo wofunsayo ndi apongozi. Anamwino odziwa ntchito amayamba afunsa wodwala payekha amene akufuna kuti adziwe, n'kumuthandiza kuti anene yekha. Ngakhale kabuku ka kuchipatala, kamene wodwala amasunga kunyumba, kali ndi mbali ziwiri: mbiri ya matenda ili m'manja mwa mwiniwake, zomwe n'zabwino, koma aliyense wodziwa kuwerenga amene wakapeza pansi pa pilo akhoza kudziwa zonse.

Chilolezo nachonso chili ndi zake. Pa pepala amasayina kapena kudinda chala ndi wodwala. Kumudzi munthu ali ndi eni ake, ndipo mayi amene wauzidwa kuti akufunika opaleshoni akhoza kunena kuti, "Dikirani abambo abwere," kapena kuti atsibweni, mwini mbumba, amve kaye. Si nthawi zonse pamene uku kumakhala kuponderezedwa; ena amangofuna kuti katundu wolemera asasenze okha. Luso la mzamba lili pa kusiyanitsa mayi amene akufuna uphungu wa abale ndi mayi amene akuopa, komanso pa kudziwa kuti mwana akapingasa m'mimba palibe nthawi yotumiza uthenga kumudzi. Munthu wamkulu wa nzeru zake chilolezo n'chake, ndipo n'chimene mzamba ayenera kumukumbutsa mofatsa.

Madandaulo ambiri amachokera ku chipinda chochilira. Kukalipiridwa, kumenyedwa mbama m'ntchafu, kusiyidwa wekha mwana akubadwa, kunenedwa mawu otukwana okhudza momwe mimbayo inabwerera: izi zalembedwa m'mayiko ambiri, olemera ndi osauka omwe. Bungwe la White Ribbon Alliance linatulutsa chikalata cha ufulu wa amayi oyembekezera mu 2011, ndipo World Health Organization inadzudzula nkhanzazi mu 2014. Anamwino nawo ali ndi mbali yawo, imene bungwe lawo la National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi limanena kawirikawiri: mzamba mmodzi pa chipatala chaching'ono cha kumudzi amagwira usana ndi usiku, magolovesi atha, magetsi azima, ambulansi ilibe mafuta. Zimenezi sizichotsa mlandu wa mbama, koma malamulo a 2021 omwewo amati namwino ayenera kugwira ntchito pamalo otetezeka.

Mlandu umene unaika malire poyera ndi wa ku Mwanza. Mu 2009 apolisi anagwira amayi amene ankawaganizira kuti ndi oyendayenda, n'kupita nawo kuchipatala cha boma kumene anayezedwa HIV popanda chilolezo chawo, ndipo zotsatira zinawerengedwa m'khoti anthu onse akumva. Amayi 11 anakasuma. Mu Meyi 2015 woweruza wa khoti lalikulu ku Blantyre, Dorothy nyaKaunda Kamanga, anagamula kuti zimenezo zinaphwanya ufulu wawo wa chinsinsi, ulemu ndi kusasalidwa. Pamene aphungu ankakambirana lamulo la HIV ndi Edzi kumapeto kwa 2017, ndime zokakamiza magulu ena a anthu kuyezedwa zinachotsedwa, ndipo lamulo limene linatuluka mu 2018 limafuna kuti woyezedwa avomere yekha.

Wodwala kapena gadiyani amene walakwiridwa akhoza kudandaula kwa sisita woyang'anira wodi, kwa metironi, ku komiti ya chipatala imene mumakhala anthu a m'deralo, kapena kulembera khonsolo ya anamwino ku Lilongwe. Kuyambira mu 2018 m'zipatala za boma munaikidwanso womva madandaulo wapadera, wotchedwa Hospital Ombudsman, pa mgwirizano wa unduna wa zaumoyo ndi ofesi ya Ombudsman, imene panthawiyo inkatsogoleredwa ndi Martha Chizuma.