Nyimbo Zokwerera (Masalmo 120 mpaka 134)

Nyimbo Zokwerera ndi dzina la masalmo 15 otsatizana, kuyambira Salmo 120 kufikira Salmo 134. Anayi mwa iwo (122, 124, 131 ndi 133) ali ndi dzina la Davide, Salmo 127 lili ndi dzina la Solomo, ndipo otsalawo alibe dzina la mlembi. Ambiri ndi aafupi. Masalmo 131, 133 ndi 134 ali ndi mavesi atatuatatu cabe, pamene lalitali koposa, Salmo 132, lili ndi mavesi 18.

Mabuku akale a Ayuda amayerekeza masalmowa ndi makwerero 15 a m'bwalo la Kacisi, pamene Alevi ankaimirira poimba. Koma ophunzira Baibulo ambiri amati zinali nyimbo za apaulendo opita ku Yerusalemu ku maphwando atatu a pa caka amene Deuteronomo 16:16 akulamula: la Mkate Wopanda Cotupitsa, la Masabata ndi la Misasa.

Kukwerako kunali kukwera kwenikweni. Yeriko ali pa mamita pafupifupi 250 kunsi kwa malekezero a nyanja yamcere, pamene Yerusalemu ali pa mamita oposa 700 pamwamba pake. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 27, munthu ankakwera mamita ngati 1,000 wapansi, m'cipululu ca miyala cosowa madzi. Amene anayendapo pa Great East Road adziwa mmene basi imalirira ikacoka pa mlatho wa Luangwa kuyamba zitunda. Tsono ganizirani ulendo wotere ndi ana, nkhalamba ndi katundu kumutu. Ndi mseu womwewu umene Yesu anauchula m'fanizo la Msamariya wacifundo (Luka 10), mmene munthu anagwa m'manja mwa acifwamba.

Izi zimatithandiza kuwerenga bwino Salmo 121. Ambiri timalimva ngati likutamanda mapiri, koma kwa wapaulendo mapiriwo anali malo a zoopsa, ndipo pa zitunda zina panali maguwa a mafano. Wamasalmo akuyang'ana mapiri, nafunsa za thandizo, koma yankho lake likuloza kwa Mlengi. Masiku ano Akhristu ambiri kuno kwathu amapita kumapiri kukapemphera ndi kusala kudya. Kupatula nthawi kotere n'kwabwino, Ambuye mwini ankatero. Colakwika n'kuganiza kuti pemphero la paphiri limafika msanga kuposa la mayi amene akupemphera ali pa mbaula m'komboni. Zimene salmoli likulonjeza n'za pa njira: phazi losaterereka, mthunzi pa dzuwa, ndi Mlonda wosagona.

Cina cofunika kwambiri n'cakuti ulendowu sunali wa munthu mmodzi. Luka 2:41-45 akusimba kuti Yosefe ndi Mariya, pobwerera ku Paskha, anayenda tsiku lathunthu osamuona Yesu wa zaka 12, poyesa kuti ali pakati pa abale ndi anansi. Tisafulumire kuwanena kusasamala. Pa gulu lotere mwana wa mnzako anali wako yemwe. Ndipo aliyense amene anakwerapo phiri ndi anzake adziwa kuti liwiro la gulu limayesedwa ndi wofooka. Wamphamvu akathamangira kutsogolo, amakafika yekha, n'kukhala pamwala kudikira, kapena kutsikanso kukanyamula cola ca mnzake. M'mipingo yathu ofookawo ndi odwala amene asiya kubwera ku mapemphero, amasiye, ndi wacinyamata amene wacotsedwa nchito ndipo akucita manyazi pa nthawi ya copereka. Salmo 133, limene timakonda kuimba pa misonkhano ya umodzi wa mipingo, linali m'kamwa mwa anthu otopa, a fumbi kumapazi, omwera m'cikho cimodzi.

Ndondomeko ya masalmowa nayonso ili ngati ulendo. Salmo 120 likuyambira kutali, pakati pa anthu onama ndi okonda nkhondo. Mu Salmo 122 apaulendo aima pa zipata za mzinda. Komabe atafika, kulira sikunathe, pakuti Salmo 130 ndi pemphero la munthu wolemedwa ndi macimo amene akudikira Yehova usiku. Salmo 134 likutseka ndi atumiki oimirira m'nyumba ya Yehova usiku, ndi dalitso locokera ku Ziyoni. M'mawa mwake anthu ankamanga katundu n'kutsikira ku minda ndi ku ziweto zao.

Masalmo onse 15 angawerengedwe pa mphindi zosakwana 20. Banja kapena cigawo ca mpingo cingathenso kutenga limodzi pa tsiku, n'kuwatsiriza m'masabata awiri ndi tsiku limodzi.